Mpanda wa Likhweru la Ankolo

Azakhali anga ntchito yawo ndi yomangira maphokoso mipanda. Ndikanena choncho anthu amaseka, amayesa ndikuwajeda kuti ndi mayi wodana ndi wayilesi za aneba. Koma ntchitoyo ilipodi, ili ndi tebulo lake ndi mpando wake, m'chipinda cham'mwamba pa nyumba ina yomwe pansi pake amagulitsa penti. Fungo la penti limakuperekeza mpaka pakati pa masitepe, n'kubwerera. Chitseko chimafuna bondo. Mukalowa mupeza anthu asanu ndi awiri opanga magemu a pakompyuta, onse amsinkhu wanga kupatula mmodzi wa pakona, pafupi ndi windo, amene amavala mahedifoni pamwamba pa mpango wa kumutu, nsapato atavula n'kuziimika pambali ngati zikudikira basi. Ameneyo ndiye mlongo wawo wa bambo anga.

M'gemu chilichonse cholira chimakhala ndi malo ake: mpopi wodontha, galu, makina osokera, lata logwedera padenga. Mukachisiya chopanda mpanda chimamveka paliponse mofanana, mpopi wa kuseri kwa tawuni n'kumakudontherani m'khutu ngati mwagona pansi pake. Ndiye Azakhali amachizunguliza mizere iwiri imene wosewera saiona. Ukalowa mkati mwa mzere waung'ono, phokoso limakhala ndi mphamvu zake zonse. Ukatuluka kunja kwa mzere waukulu, kuli zii. Pakati pa iwiriyo phokoso limanka licheperachepera, ndipo kachepedwe kakeko ndiye ntchito yonse. Pa sikirini yawo tawuni ya m'gemu imaoneka ngati thamanda pamene mvula yangoyamba kumene: mizere yobiriwira yozungulira, ina yaing'ono ngati mbale, ina yomeza misewu itatu, kukhudzana, kulowana, wina kuthera pamene mnzake wayambira. Ukaiyang'ana nthawi yaitali umayamba kuona ngati ikupuma.

Asanafike kumeneku anagwira zaka makumi awiri ndi ziwiri ku wayilesi, akupanga maphokoso a m'masewero. Chitseko chikatsekedwa m'sewero, anali iwo. Munthu akamayenda pamiyala, anali iwo, akupondaponda m'bokosi la miyala atavala nsapato za amuna awo. Kumeneko kutali kunali kosavuta, umangobwerera chafutambuyo kuchoka pa maikolofoni. Masewero atawathetsa anakhala pakhomo chaka ndi theka, mpaka Abwana athu, bambo wachinyamata wandevu amene anakula akumvera masewerowo, anawafunafuna n'kuwapeza. Mausi ya kompyuta anayamba kuigwira ali ndi zaka makumi asanu, ndi manja awiri, ngati ithawa.

"Phokoso likamapita kutali limayamba kutaya mano," anandiuza tsiku langa loyamba. "Kenako mnofu. Amafika kutali ndi mafupa okha. Nyimbo za ku ukwati wa kutsidya umamva mawu ake? Umangomva du, du, du. Mafupa amenewo."

Ali ndi lamulo lawo limene palibe anawapatsa: salemba nambala imene sanaiyende. Phokoso lililonse latsopano amakaliyeza ndi mapazi. Wina amaima pamalo amodzi n'kumachiliza chinthucho, iwo n'kumayenda akuchoka, dzanja lamanja lili m'mwamba, milomo ikuwerenga. Phokoso likafa, dzanja limagwa. Nambala imalowa m'kope lachikuto chofiira, kenako amaisandutsa mamita, mapazi awo khumi kukhala mamita asanu ndi awiri. Kopelo ndinaliwerengapo tsiku lina iwo atapita kukawiritsa madzi. Mpopi wodontha, 9. Makina osokera, chitseko chili chotsegula, 41, chotseka, 12. Mwana wolira njala, 130. Wolira chifukwa amukaniza switi, 190. Galu wamng'ono, 310, ndipo pambali pake analemba kuti agalu aang'ono alibe manyazi.

Minibasi zawaimira kangapo chifukwa cha dzanja limenelo.

"Tiyeni mayi, malo alipo!"

"Dzipitani achimwene, mukundiphimbira galu wanga."

Kondakitala n'kuyang'ana uku ndi uku, galu osamuona.

Ine m'chipindamo ndinalowa chifukwa cha iwo. Ndinali nditabwerako kunja kumene ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo patatha miyezi inayi zovala ndinkazitengabe m'sutikesi. Azakhali ananditcha Sutikesi, dzinalo n'kukwera nane masitepe. Ntchito imene anandipezera inali yondiyenera: kusochera. Ndimalowa m'gawo lililonse la gemu lisanatuluke, kuyenda konse kumene munthu wanzeru sangayendeko, n'kulemba zolakwika pa mndandanda umene aliyense mu ofesi amauona pa kompyuta yake. Kumene ndinachokerako anandiphunzitsa kuti cholakwika chimalembedwa, sichinong'onedwa.

Gawo lachinayi linali la chifunga. Kamtsikana ka m'gemu katsika basi pamalo polakwika, chifunga chagwa, sikakuona kupitirira mapazi khumi, ndipo kayenera kukafika kwawo ndi makutu. Wojambula wathu, mtsikana wa magalasi aakulu wosachedwa kuseka, anamanga tawuniyo ndi misewu yokhotakhota, pakati n'kuikapo khoma lalitali la fakitale lokhala ndi mpata umodzi wokha. Azakhali anayala maphokoso ngati miyala yowolokera mtsinje. Mpopi ukamafa, makina osokera ayamba kumveka cha kumanzere. Makina akamafa, lata. Lata likupereke kwa galu, galu akudutsitse pa mpata paja. Pomalizira, pawindo la nyumba ya kwawo, bambo ake a kamtsikanako akuimba likhweru.

Ndinavala mahedifoni Lachitatu m'mawa. Kuyera mbee mbali zonse, pansi pokha kuoneka timiyala. Ndisanasunthe n'komwe ndinalimva. Katatu kukwera, kamodzi kutsika, kotsikako kotalika ngati munthu akutula katundu. Likhweru limenelo ndinkalidziwa ndisanadziwe kuwerenga.

Ankolo, amuna awo a Azakhali, anali wokonza mafiriji. Ankaweruka 5 koloko, chikwama cha zida kumsana, ndipo asanafike pakhomo ankaimba likhweru limeneli, Azakhali n'kusuzumira pawindo, nthawi zina thovu la sopo lili m'manja. Ndikabwera kutchuthi ndili mwana ndinkathamanga kukawalandira chikwamacho, n'kulephera kuchinyamula. Zaka zinayi zapitazo sitiroko inawagwetsa ali kuseri kwa firiji ya mwini bucha. Anadzuka. Amayenda ndi ndodo, amayankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse kuchita kulisankha. Koma mlomo unagwera mbali imodzi, ndipo akayesa likhweru imatuluka ndi mphepo yokha. Limene lili m'gemu linajambulidwa mwangozi kalekale, tsiku lina Azakhali atabwereka makina a kuntchito kuti ajambule kulira kwa ketulo, windo lili lotsegula. Masekondi khumi ndi imodzi. Palibenso lina.

Ndinalitsata. Aliyense akanalitsata, mpopi ungaumvere bwanji pamene munthu akukuitana? Ndinalunjika kumene linkachokera n'kukagunda khoma la fakitale. Ndinatsata khoma kumanja, likhweru lomwe lija, osakula, osachepa. Kumanzere chimodzimodzi. Theka la ola ndinayandama m'chifungamo, likhweru lili pafupi ngati lakhala paphewa, nyumba osaoneka. Ndisaname, zinkakoma. Zinali ngati maloto aja umamva anthu akwanu akucheza m'chipinda china, koma chitseko chilichonse chimene watsegula chikukutulutsira panja. Koma wogula gemu samadikira kuti kuche, amangozimitsa. Nditatsegula mizere yobiriwira ija, mpanda wa likhweru sunaoneke n'komwe. Ndinachepetsa chithunzi, kuchepetsanso, mpaka tawuni yonse inasanduka kadontho. Mzere unali uko, mamita 3,000, kumalo kopanda kanthu kumene wojambula sanaikeko ngakhale dothi.

Ndinalemba. "Likhweru la gawo 4 likumveka paliponse. Wosewera akusiya njira. Vuto lalikulu." Azakhali anali mapazi asanu ndi limodzi kuchokera pa mpando wanga. Sindinadzuke.

Lachinayi Abwana anaitana anthu khumi oti adzayese gawolo. Asanu ndi awiri anakathera pa khoma lija. Mmodzi mwa iwo, mayi wogulitsa penti pansi paja, anavula mahedifoni misozi ili lengelenge, n'kufunsa kuti, "Bamboyu akuitana ndithu, koma mwamutsekera kuti?"

Lachisanu tinakhala mozungulira tebulo la tiyi.

"Mayi," anayamba Abwana. Abwanawo Azakhali amawatchula kuti mayi, ndipo akafuna kuwadzudzula amayang'ana m'kapu. "Mamita zikwi zitatu. Ndi likhweru limeneli kapena sitima?"

"Ndi likhweru."

"Mwina chala chinaterereka, maziro n'kuchuluka?"

"Chala changa chimanjenjemera, bwana, koma sichiterereka."

Wojambula anakweza magalasi. "Zakhali, tawuni yanga yonse ndi mamita 800. Kotsalako akumvera ndani? Angelo?"

"Nawonso anawapatsa makutu."

Tinaseka, koma Abwana sanaseke. "M'kope mwanu muli nambala yanji?"

Azakhali anagwira kope lija, koma sanalitsegule. Kunja wina ankagubuduza chigubu cha penti pa simenti, ndipo tonse tinamvera mpaka chinaima.

"Limeneli sindinaliyende," anatero.

Palibe amene anali atawamvapo akunena mawu amenewo chiyambire.

"Sindinaone chifukwa choyendera chinthu choti ndimachidziwa. Ndinkalimva ndili kumsika. Ndinkalimva ndili ku wayilesi, m'chipinda cha makoma a siponji, chitseko chili chotseka."

Abwana anasisita ndevu nthawi yaitali. "Gawoli likuchoka m'manja mwathu Lolemba masana. Lolemba m'mawa ndidzapeze mpanda woti mwana uja afike kwawo. Apo ayi, ndichotsa likhweru ndiike belu. Mabelu tili nawo makumi anayi pa kompyutapa, onse omvera."

"Belu," anatero Azakhali, ngati alawa chinthu chosasa.

Poweruka anandipeza pa masitepe.

"Sutikesi."

"Zakhali."

"Pakati pa tebulo lako ndi langa pali mtsinje?"

"Ayi."

"Ndimayesa mwina pali mtsinje, poti unachita kunditumizira kalata."

Ndinayamba kufotokoza za dongosolo la ntchito, iwo n'kumandiyang'ana mmene amayang'anira munthu wogulitsa mankhwala a m'basi. Nditatopa ndekha anati, "Mawa ubwere ndi kasipika kako kaja. Hafu 4. Mpweya wa m'mawa ndi wina, ankolo ako ankaimba madzulo."

Nyumba yawo ili pa msewu wowongoka wotsetsereka pang'ono, umene umakathera pa mlatho. Zipinda ziwiri ndi khitchini. Pabalaza pali firiji yakale yosagwira ntchito imene amasungamo mapepala a kuchipatala ndi nyuzi, ndipo pawindo loyang'ana kumsewu pali mpando wa Ankolo, wokhala ndi pilo wophwa. Ankolowo ndinawapeza akumasula fani ya aneba ndi dzanja limodzi, fani ataipanikiza ndi bondo, tizitsulo take atatiika m'sosala.

"Wabwera wolemba makalata," anatero. Nkhani inali itafika kale.

Tinaika kasipika pawindo. Azakhali anati kalire pa mphamvu ya munthu weniweni, ndipo woweruza akhale mwini wake. Ndinatsegula. Katatu kukwera, kamodzi kutsika. Ankolo anatseka diso limodzi, kumvera mnyamata amene anali iwo.

"Kweza."

Ndinakweza.

"Iii, tsitsa. Ndinali munthu ine, osati ambulansi." Ndinatsitsa pang'ono. "Apo. Ameneyo ndimamudziwa. Anali wonyada."

Tinawasiya atagwira kasipikako, likhweru likubwerezabwereza, ife n'kutuluka. Azakhali anaima pa khomo, msana kulozetsa kunyumba, anakweza dzanja, n'kuyamba. Ine pambuyo pawo, nanenso ndikuwerenga chamumtima.

Dzuwa linali litapendeka, mithunzi ya mipanda itagona pamsewu. Makumi awiri. Mayi wina akuanula zovala anatiyang'ana, n'kupitiriza. Pamsewu umenewu dzanja la Azakhali analizolowera. Makumi asanu. Likhweru linkatitsata bwinobwino, lowala ngati waya padzuwa. Makumi asanu ndi atatu, ndipo linaduka pakatikati pa kukwera kwachiwiri, ngati munthu wamugwira pakamwa.

Ndinacheuka. Pawindo paja Ankolo anali atanyamula kasipika m'mwamba kuti ndikaone, kenako anakaika pansi n'kuika chala pamlomo. Anali atazimitsa dala.

Dzanja la Azakhali linali m'mwamba.

Zana limodzi. Zana ndi makumi asanu. Tinadutsa wosoka nsapato, amene anachotsa msomali pakamwa kuti apereke moni koma ataona milomo yawo ikuwerenga anaubwezera. Tinadutsa polo yamagetsi yokhota, kenako ometa, kumene wayilesi inkalira mpira. Azakhali anapendeketsa mutu pang'ono, ngati akulambalala wayilesiyo ndi khutu, n'kupitirira. Mazana atatu. Ndinafulumira kuti ndiwaone kumaso. Maso anali otsegula koma sankaona msewu. Nkhope yonse inali itamasuka, makwinya a pamphumi aja amabwera ndi sikirini atachoka, ndipo pakati pa nambala ndi nambala milomo inkafuna kumwetulira. Ankayenda mopepuka, ngati pansi pali madzi ofika m'mapazi. Pa mazana asanu mkono unatopa. Sanautsitse, anayamba akweza wamanzere, kenako n'kupumitsa wamanja.

Sindikudziwa chimene chinanditseka pakamwa mtunda wonsewo. Mwina nkhope ija. Mwinanso chakuti penapake cha pa mazana asanu ndi limodzi nanenso ndinayamba kukayika makutu anga, poti m'kulira kwa tcheni cha njinga ina yodutsa ndinamvamo kukwera katatu, ndipo mtima unadikira kutsika kuja.

Msewu unatha. Tinaima pa mlatho, madzi akuda akuyenda mwaulesi pansi pake.

"Mazana asanu ndi anayi ndi khumi ndi anayi," anatero, osacheuka. "Ukuona? Lilipobe. Ukawauze Abwana ako."

"Zakhali."

"Usayankhule, ukuliponda."

"Zakhali, Ankolo anazimitsa tili pa makumi asanu ndi atatu."

Anatembenuka pang'onopang'ono, dzanja likadali m'mwamba. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumtunda kumene nyumba yawo inali itasanduka kabokosi ka machesi. Anapendeketsanso mutu. Galimoto inadutsa, mlatho unanjenjemera, kunakhalanso bata.

"Nanga akuimbayu ndani?" anafunsa motsitsa mawu. Sankafunsa ine.

Dzanja linatsika lokha. Pobwerera sanawerenge.

Ankolo tinawapeza atabwerera ku fani yawo, nkhope ili ngati ya munthu amene sanalakwepo chibadwire.

"Mwafika kuti?"

"Bambo inu," anatero Azakhali ali chiimire pakhomo, "ukalamba wonsewu mukadali ndi chipongwe cha ku pulayimale?"

"Mwafika kuti, mayi?"

"Pa mlatho," ndinayankha ine.

Anaseka ndi theka la nkhope limene limasekabe, mapewa akugwedezeka, mpaka kachitsulo kamodzi kanagwa m'sosala n'kugubudukira pansi pa firiji. "Pa mlatho! Mapapo anga anali awiri okha. Mumafuna kundipha?"

"Ndinkakumvani."

"Makutu anu ndi abwino, mayi. Tawuni yonse ikudziwa. Koma pa nkhani ya ine amanama." Anapuma, kusonkhanitsa mawu ena. "Mumayesa woyeza pakhomo pano ndinu nokha?"

Azakhali anakhala pansi pa mkono wa sofa.

Ankolo anafotokoza, pang'onopang'ono monga amachitira, ife osawathandiza mawu chifukwa amadana nazo. Atangolowa m'nyumba imeneyi, ukwati uli wa mwezi umodzi, ankafuna kuti akamafika apeze nkhope pawindo. Tsiku loyamba anaimba ali pa mlatho. Katani osagwedezeka. Mawa lake anasendera, anaimba ali pa sitolo ya matayala imene inalipo nthawi imeneyo. Zii. Anasenderanso. Pa ometa anaimba masiku atatu, tsiku limodzi lokha ndiye katani inasuntha, ndipo tsikulo mphepo inkachokera kumlatho. Kenako anaimba ali pa polo yokhota, katani n'kutseguka. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi.

"Kuyambira pamenepo, zaka zonsezi, ndinkayambira pa polo. Simunaone kuti nthawi zonse mukasuzumira mumandipeza pamodzimodzi?"

"Ndimayesa mumaima pamenepo kuti muoneke bwino."

"Zimenezonso zinalipo."

"Ndinkakumvani muli pa mlatho," anatero Azakhali, koma mawu anali atafewa. "Ndinkangofuna musazolowere."

"Bodza. Sutikesi, lemba kalata, azakhali ako anama."

Azakhali sanaseke. Anatenga kope lija m'chikwama, kulitembenuza, kulitembenuzanso. "Mukudziwa chimene mukundiuza kuti ndichite? Ndikalemba polo, ndiye kuti kunja kwa poloyo mulibe. Tawuni yonse ija, misewu yonse ija, inu zii. Kuno mwatseka kale pakamwa. Ndikutsekeninso kumeneko, ndi dzanja langa?"

Ankolo anayang'ana kumsewu. Mwana wina ankakoka katoni ndi chingwe.

"Kamwana kaja kazindifuna kaye," anatero. "Inu mukanakhala kuti mumandimva tsiku lonse, mukanadzuka kudzasuzumira?" Anafufuza ndodo ndi phazi. "Komanso sindifuna belu. Belu ndi la njinga. Tiyeni."

Tinatuluka atatu. Ulendo uno panalibe sipika, panalibe dzanja m'mwamba. Azakhali ankaponda mapazi awo a nthawi zonse, khumi, n'kuima kudikira Ankolo ndi ndodo yawo, nambala ataigwira m'kamwa kuti isathawe, kenako khumi ena. Wosoka nsapato ulendo uno anachotsa msomali n'kufuula.

"Akulu a mafiriji! Mwatuluka? Mayi akukuperekezani kukafunsira?"

"Ndikukawaonetsa kumene anandipeza," anatero Ankolo.

"Zana ndi makumi asanu ndi atatu," anatero Azakhali, kuti asasokonezeke.

Polo yake ndi yachabechabe, ya simenti, yopendama ngati ikumvetsera za pansi, yomatidwa mapepala a anthu ofuna antchito ndi ochiritsa zonse. Azakhali anaigunda ndi chala chachikulu cha phazi. 214. Analemba ataitsamira. Ankolo anatembenuka kuyang'ana kunyumba, kumene windo linkaoneka bwino lomwe, katani ili lende. Anakonza mlomo ndi zala, kuukokera pamalo pake, n'kuuzira. Inatuluka mphepo, ndi kamalovu pang'ono. Azakhali anawapukuta ndi nsonga ya mpango.

"Mamita 150," anatero atamaliza kuwerengera.

"Muwonjezere za mphepo."

"Mphepo yanji?"

"Ya pa ometa ija. Tsiku limodzi lija munamva."

"Tsiku limodzi pa zaka makumi atatu?"

"Linachitika kapena silinachitike?"

Anakangana za mphepoyo njira yonse yobwerera.

Lolemba ndinafika molawirira koma ndinapeza Azakhali atakhala kale, nsapato zili pambali. Anali atatsegula gawo lachinayi, tawuni ili kadontho pakati pa mzere waukulu uja. Sananditchule dzina, anangokoka mpando wina ndi phazi kuti ndikhale. Anafufuta nambala yakale, ziro mmodzimmodzi. Analemba yatsopano, n'kudina batani. Mzere unathamanga kuchokera kutali kuja, kudutsa kopanda dothi, kulowa m'tawuni, kudumpha khoma la fakitale, n'kudzakhala phee mozungulira kanyumba kamodzi ndi misewu iwiri.

"Kachepa," anatero.

Abwana atafika anangokhala pa kompyuta. Anavala mahedifoni, ife tonse titaima kumbuyo kwawo, tikuona chifunga chokha popanda kumva chimene akumva. Kamtsikana kanaima nthawi yaitali pamene basi inakasiya. Kenako mutu wa Abwana unapendekera kumanja, kamtsikana n'kuyamba kuyenda. Kanakhota. Kanaima, kanabwerera pang'ono, kanakhotanso. Wojambula ankanong'ona yekha, "Makina... lata... tsata galu, mwana iwe, tsata galu." Khoma la fakitale linatulukira m'chifunga, lakuda bii, ndipo mpata unali pomwepo patsogolo pake. Kanadutsa. Kuseri kwa khoma kuli msewu wautali umene Azakhali anausiya wopanda phokoso lililonse, ndipo Abwana anayenda m'menemo mapewa atakwera, ngati munthu wolowa m'madzi ozizira. Pafupi ndi mapeto a msewuwo anaima njo. Mapewa anatsika. Anakhala choncho masekondi angapo, chala chili pamwamba pa batani, kenako kamtsikana kanayamba kuthamanga, chinthu chimene Abwana sachita akamayesa gawo.

Windo litaoneka anavula mahedifoni n'kutsokomola kawiri, ngakhale analibe chifuwa.

"Tione kope, mayi."

Azakhali anapereka. Abwana anayang'ana tsamba, anayang'ana sikirini, n'kuwerengera ndi zala.

"Mapazi 214 ndi mamita 150. Apa mwalemba 160."

"Khumi enawo ndi a mphepo."

"M'gawo limeneli mulibe mphepo, mayi. Ndi chifunga."

"Zimenezo mukakambirane ndi mwini likhweru. Amapezeka pawindo tsiku lonse, koma mupite mutadya, sachedwa kuyamba koma amachedwa kumaliza."

Abwana anayang'ana nambala ija kanthawi. Anatseka kope, analibweza ndi manja awiri, n'kutembenukira kwa ine.

"Vuto lija unalemba, kalitseke. Gawo lipite mmene lililimu."